Mpanda umene a Spencer ankausiya panjira

A Spencer Nanthuru analowa ntchito ya umesenjala pa esiteti ina ya tiyi kunsi kwa phiri chaka chimene anthu anavota koyamba zipani zambiri, ndipo anaigwira mpaka mutu wawo unayamba kuoneka ngati agona m'chigayo. Anali munthu wamfupi, wa jekete yakhaki, ndipo m'thumba la pachifuwa simunkasowa cholembera chimene palibe anachionapo chikulemba. Sukulu anailekera panjira. Chingerezi anachitola kukhitchini kwa bwana wina kumene bambo awo ankaphika, ndipo chinawakakamira ngati chisoso pa thalauzi. Choncho pakabwera bwana watsopano wosadziwa ngakhale zikomo, ankati itanani Spencer. Kutchalitchi kukabwera mlaliki wakunja, itanani Spencer. Umesenjala unali dzina la ntchito chabe, ntchito yeniyeni inali kuimirira pakati pa pakamwa pa bwana ndi makutu a anthu.

Pazaka zonsezo a Spencer anaona chinthu chimodzi chimene ankakonda kufotokozera anzawo pa bawo. Ankati munthu wa Chingerezi sanena za mawa popanda kumangapo kampanda. Akati adzakupatsa majombo, aonjezera kuti peyala imodzi basi, kwa othyola tiyi okha, mvula isanayambe. Akati udzagwira ntchito, atchula pomwe idzathere. Akati adzabwera, anena kuti akachedwa sadzapitirira Lachisanu.

"Anthu awa mawa lawo amalidula ngati mzere wa tiyi," ankatero akudya njombwa za mnzawo. "Apa poyambira, apo pothera, pamwamba pake pofanana."

Sikuti Chichewa chilibe mawu amenewo. Mpaka alipo, osapitirira alipo, lisanafike tsiku lakuti aliponso. Koma kwathu kuno mawu otere sitilozera munthu wamkulu kumaso. Mlendo sumufunsa kuti achoka liti. Apongozi akabwereka khasu suwauza tsiku lobweza. Ndiye a Spencer akamamasulira, ankanyamula mawu a bwana bwinobwino, koma kampanda kaja ankakasiya panjira. Bwana alankhule za peyala imodzi, othyola okha, mvula isanayambe, a Spencer atembenuka, akonza jekete, n'kunena kuti, "Bwana akuti majombo akubwera." Anthu m'manja phuphuphu. Alonda ndi odula nkhuni ankadzazindikira okha pambuyo pake kuti majombowo sanali awo, ndipo ankatukwana bwana, osati a Spencer.

Nthawi zina kusiya kwawoko kunkalondola kuposa mwini mawu. Mlaliki wina anayamba ndi kulonjeza kuti alankhula pang'ono, dzuwa lisanafike pamutu akhala atatha. A Spencer anamuyang'ana, anayang'ana kunenepa kwa Baibulo lake, n'kuuza mpingo kuti, "Abusa akuti khalani bwino, lero kuli mawu." Anthu anatuluka nkhuku zikufuna kolowera. Nthawi ya kampeni andale akabwera kudzalonjeza mlatho ndi chipatala popanda kutchula chaka, a Spencer ankaima kumbuyo n'kumagwedeza mutu ngati mmisiri amene waona ana ataphunzira ntchito yake.

Koma khalidweli silinayambe ndi nthabwala. Ali mnyamata, bambo awo anachotsedwa ntchito yophika ija. Kalaliki wa pa ofesi ndiye anamasulira, ndipo sanasiye kalikonse: mutuluke m'nyumba ya kampani lisanafike Loweruka, mukapitirira katundu tidzaika panja. Ananena mokweza, pamaso pa ana, bambo awo atagwira chipewa ndi manja awiri. Agogo awo anachokera kutsidya, ku Mozambique, kudzathyola tiyi, ndipo banjalo linalibe mudzi woti n'kuloza. Anagona m'khitchini mwa munthu wachifundo mpaka dzinja linatha. A Spencer sanaiwale chipewa chija. Analumbira mumtima kuti pakamwa pawo sipadzatuluka mawu oponya munthu wamkulu chotero, ndipo lumbirolo analisunga mokhulupirika kwambiri, mwina kuposa mmene linkafunira.

Chaka chimene nkhani ino inachitika, pa esitetipo panali bwana wina amene anthu anamutcha Chipewa, chifukwa chipewa chake chinkafika pamalo iye asanafike. Sanali munthu woipa. Mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake, a Hudson oyendetsa thirakitala anamwalira atadwala pang'ono, n'kusiya mkazi wawo, a Eneles, amene aliyense ankawaitana kuti amayi a Joice. Joice mwiniyo anakwatiwa ku Chonde ndipo ankakhala m'kachipinda kamodzi ndi mwamuna ndi ana. Nyumba ya kampani imatsata ntchito, ntchito ikatha nyumba yatha. Amayi a Joice anaitanidwa ku ofesi maliro asanazizire.

Anakhala pansi pakhonde, atafunda chitenje chakuda, maso otupa. Bwana Chipewa anavula chipewa, chinthu chimene a Spencer anali asanachionepo, n'kulankhula pang'onopang'ono. Anati wamva chisoni. Anati lamulo likuti atuluke mwezi ukatha, koma iye sangatulutse mayi wamasiye mvula ikubwera. Akhale dzinja lonse mpaka Isitala. Ikadutsa Isitala nyumbayo idzalowa dalaivala watsopano, ndipo pamenepo sadzatha kuonjezera ngakhale sabata.

A Spencer anayang'ana mayiyo. Anaona manja awiri atagwira nsonga ya chitenje mofanana ndi mmene bambo awo anagwirira chipewa.

"Bwana akuti pepani kwambiri," anatero. "Akuti za nyumba musade nkhawa. Khalani kaye, mtima ukhale pansi."

"Akuti ndikhale?"

"Akuti mukhale, mayi."

Amayi a Joice anaomba m'manja, bwana anavala chipewa chake akuganiza kuti zonse zamveka, ndipo a Spencer anakwera njinga akudziuza kuti zotsalazo adzanena akatha kumeta maliro. Atameta, mvula inayamba, ndipo munthu sungamuuze zosamuka akubzala. Kenako inafika Khirisimasi, ndipo ndani amanyamula nkhani yotere pa Khirisimasi? Januwale ndi mwezi wanjala. Febuluwale ndi mng'ono wake. Tsiku lililonse a Spencer ankadutsa pamzere wa nyumba za kampani, kupereka moni, kufunsa za thupi, n'kupalasa njinga mofulumirirako pang'ono.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, akubwera kuntchito, anapeza amayi a Joice atakhala pamkeka ndi mkazi wawo, a Rosie. Pambali panali dengu la chimanga chachiwisi ndi maungu awiri.

"Ndabwera kudzathokoza, bambo," anatero amayi a Joice atapatsana moni wa Chilomwe. "Inu ndi amene munandilankhulira kwa bwana. Popanda inu bwenzi pano ndili kuti?"

"Aa, ine ndinangomasulira."

"Kumasulira komweko. Mukudziwa, achimwene anga a Yosefe anabwera mvula itangoyamba, akuti tiye kwathu ku Milonde, kamunda ka malemu amayi kakukudikira, umangepo. Ndinati ayi achimwene, mupatseni Monalisa, mwana wa mchemwali wathu, wangokwatiwa kumene ndipo alibe pogwira. Ine kampani yandisunga. Pano mwamuna wake akungodikira mvula ithe kuti aumbe njerwa pomwepo."

A Spencer anakhala pampando ngati wawakankha munthu.

"Nanga nandolo wanga kuseri kuja mwamuona? Ndadzaza ponseponse, mpaka kumpanda wa chimbudzi. Chaka chino mudzadya makata a nandoloyu mpaka mudzadana naye."

Nandolo amacha kuzizira kukamatha, Isitala itapita kalekale. A Spencer ankadziwa zimenezo, a Rosie ankadziwanso, pakuti nkhani ya Isitala mwamuna wawo anawauza tsiku lomwe lija. Mlendo atangopotoloka, a Rosie anakankhira dengu lija kumapazi a amuna awo.

"Ndikuwotchereni zingati, a womasulira?"

"Rosie, usayambe."

"Ine ndiyamba chiyani? Woyamba ndi inu, wosamaliza ndi inunso. Isitala ija munaiika kuti? M'thumba muli cholembera chosalembamo?"

"Ndinkawamvera chisoni."

"Ndiye chisoni chanucho chawadyera munda. Njerwa zikaumbidwa pamenepo, mayi aja adzagona pati? Pakhonde panu? Ine chimanga ichi sindidya. Chikhale pomwepo muzichiona."

Chinakhaladi pomwepo. M'mawa mwake a Spencer anachilambalala potuluka, n'kulunjika ku ofesi. Anaganiza kuti ngati mpanda sungabisikenso, mwina ungasunthe. Anapempha bwana Chipewa, m'Chingerezi chawo chabwino koposa, kuti mayi wamasiye uja akhale mpaka akolole nandolo.

Bwana anapukusa mutu. Anati dalaivala watsopano, Bonface, akugona m'shedi ya mathirakitala, mkazi ndi ana anawasiya kwawo, ndipo analonjezedwa nyumba Isitala ikadutsa. Anakumbutsa a Spencer kuti iwo omwe ndi amene anamasulira lonjezolo. A Spencer anakumbukira bwino. Bonfaceyo iwo anangomuuza kuti nyumba ikubwera.

Kenako bwana anafunsa ngati mayiyo anauzidwa za Isitala.

"Ndinawauza, bwana," anayankha. "Kungoti sindinamalize."

Bwana anavula chipewa kachiwiri, koma ulendo uno kunali kuti akande mutu. Anati nandolo akhoza kudzakolola akacha, ngati Bonface avomera. Nyumba ayi.

Kuchokera ku ofesi kukafika kumzere wa nyumba si patali, koma a Spencer njinga anaikoka pamanja. Anapeza amayi a Joice akuchapa. Kuseri kwa nyumba nandolo anali atafika m'chiuno, wobiriwira, akugwedezeka ndi kamphepo kochokera kuphiri. A Spencer anakana mpando, anakhala pamwala, ndipo kwa nthawi yoyamba pa ntchito yawo ananyamula mawu a bwana onse, ndi mpanda womwe. Mpaka Isitala. Osapitirira. Ananenanso kuti mawuwo ananenedwa tsiku lomwe lija pakhonde, iwo ndi amene anawasiya.

Amayi a Joice sanalire. Anafinya malaya amene anali m'manja, kuwafinyanso ngakhale madzi anali atatha.

"Tsiku lija bwana ananena zimenezi?"

"Ananena."

"Inu n'kumva?"

"Ndinamva, mayi. Ndinaona mmene munalili, ndiye ndinati..."

"Munati chiyani? Kuti ine ndi mwana? Mukanandiuza pomwe paja ndikanalirira limodzi ndi maliro, misozi inali pafupi. Lero ndikaitenge kuti?" Anaponya malaya m'beseni. "Munandimvera chisoni ine, kapena munadzimvera nokha kuti pakamwa panu pasawawe?"

A Spencer anayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi nsapato yawo. Funsolo linalibe Chingerezi chake.

"Njingayo ili ndi mpweya?" anafunsa amayi a Joice.

"Ili nawo."

"Mawa mundinyamule. Kwa achimwene mukanena ndinu. Ine ndinakana munda ndi pakamwa panga, sindingakaupemphenso ndi pakamwa pomwepo."

Anapita. Msewu wa ku Milonde nthawi ya mvula sukonda munthu wamfupi wonyamula mnzake pakaliyala, ndipo pazitunda ankatsika onse n'kuyenda pansi. Anadutsa pamsika, anthu akuyala nanazi ndi nthochi, n'kukhotera kanjira ka pakati pa minda. Kumeneko malo ndi ochepa, munda wa uyu umathera pakhomo pa uyo.

A Yosefe anali munthu wamtali, woseka msanga, wogulitsa nanazi. Monga mwini mbumba, malo a azilongo awo ndi ana awo ankagawa ndi iwo. Anawalandira bwino, anatulutsa mbale ya nyemba za kalongonda, anafunsa za ku esiteti. Chapatali pang'ono, pamunda wa malemu amayi awo, pankaoneka dzenje latsopano pamene mwamuna wa Monalisa anayesera dothi la njerwa.

A Spencer anafotokoza zonse osadzikometsera. A Yosefe anamvetsera akugwedeza mutu, anati pepani, anati dziko lavuta, anati kampani ilibe m'bale. Kenako anapukuta manja pa mawondo.

"Tamva, achemwali. Nkhaniyi ndi yaikulu. Tikhala pansi ndi ana, tiona."

Aliyense wa kuno amadziwa kuti mawu amenewo ndi otsekera msonkhano. Amayi a Joice anali atayamba kale kuomba m'manja, bondo limodzi litadzuka. A Spencer nawo anatsala pang'ono kudzuka kuti atsanzike. Koma mawuwo anawamva kukoma kwake, kufewa kwake, kusowa kwake kwa pogwira, ndipo anawazindikira. Anali katundu yemwe uja amene iwo akhala akugawira anthu zaka zonsezi. Lero anali kumbali yolandira, ndipo anaona kuti munthu ukalandira zimenezi umabwerera kunyumba manja ali lende, koma ukuthokoza.

Sanadzuke.

"Pepani akuluakulu," anatero a Spencer. "Muona mpaka liti?"

A Yosefe anasiya kutafuna. Nkhuku imene inkayandikira mbale ya kalongonda nayo inaima.

"Mwati bwanji?"

"Ndati muona mpaka liti. Mayiwa akutuluka m'nyumba Isitala ikangodutsa. Mvula ikatha njerwa ziumbidwa apo. Tikachoka pano ndi tiona, tsikulo adzagona mu tiona?"

A Yosefe anatembenukira mlongo wawo. "Achemwali, munthuyu mwamutenga kuti? Ndi wa boma? Pakhomo panga, kalongonda wanga ali m'kamwa, akundipatsa tsiku?"

"Ndi yemwe anandisokoneza," anayankha amayi a Joice, akukhalanso pansi. "Koma funsolo muyankheni, achimwene. Nanenso ndikufuna kumva."

"Ine ndalakwa kale kamodzi chifukwa cha ulemu," anatero a Spencer. "Lero munditukwane, ndipita nazo. Koma tiuzeni: malo alipo kapena palibe? Ngati alipo, ayambira pati, athera pati?"

A Yosefe anadzuka mokwiya, ndipo a Spencer anaganiza kuti akukatenga chowamenyera. Anatengadi ndodo, koma analunjika nayo kumunda, akung'ung'udza za anthu a ku esiteti amene amwa tiyi wambiri mpaka kuiwala mwambo. Anaitana Monalisa. Mtsikanayo anabwera akupukuta manja, anamva nkhani, nkhope inagwa, pakuti munda wonse anali atauyesa wake. Panali kukambirana kwa abale kumene mlendo sayenera kulowerera, ndipo a Spencer anaima patali akuwerenga masipoko a njinga. Pomaliza a Yosefe anakoka mzere ndi ndodo pansi.

"Kuchokera pa mtengo wa peyala kufika pachulu, a Eneles. Kuchokera pachulu kutsika, Monalisa. Mwamva, a boma? Kapena ndinene m'Chingerezi?"

Kanali kachigawo kakang'ono. Amayi a Joice akanabwera mvula itangoyamba, munda wonse ukanakhala wawo; tsopano anapeza pokwana nyumba, khitchini ndi mizere ingapo ya chinangwa. Amayi a Joice anayenda kuchokera pa peyala kukafika pachulu, anabwerera, anaima pakati. Sanathokoze a Spencer, ndipo a Spencer sanayembekezere.

Pobwerera, pachitunda choyamba, a Spencer anayesa kutsegula pakamwa.

"Za nyumbayo musade nkhawa, mayi. Ndidzakuthandizani kumanga."

Amayi a Joice anaima pakati pa msewu. "Mpaka liti?"

A Spencer anaimika njinga. "Loweruka lililonse, kuyambira lino, mpaka denga litakwera. Kupitirira apo ayi, msanawu unatha ndi kampani."

"Eya. Tsopano ndamva."

Isitala itadutsa, thirakitala yomwe ankayendetsa a Hudson inanyamula katundu wa mkazi wawo, Bonface ali pachiwongolero, maso ali pansi. Amayi a Joice anakhala m'khitchini mwa a Yosefe miyezi yozizira yonse, pamene a Spencer ankaponda dothi Loweruka lililonse, jekete yakhaki itapachikidwa pa peyala. Denga linakwera tiyi akuphukira atamudulira.

Ku esiteti anapitiriza kumasulira mpaka anapuma ntchito, koma kuomba m'manja kunachepa. Bwana akati majombo peyala imodzi kwa othyola okha, a Spencer ankanena momwemo, ndipo alonda ankawatukwana pomwepo, osadikira. Anthu ankati Chichewa cha a Spencer chamera minga. Iwo ankangokonza jekete. Pa bawo anasiya kuseka za mzere wa tiyi. Ankati mpanda ukauona msanga umadziwa kolowera, woipa ndi umene umauomba ndi chipumi.

Nandolo uja anacha bwino. Bonface sanadule ngakhale tsinde limodzi, ndipo amayi a Joice anabwera kudzathyola okha. Madzulo a tsikulo anadzera kwa a Spencer ndi mbale yofunda ya makata, nandolo wophika ndi makoko ake, n'kuipereka m'manja mwa a Rosie.

"Awa ndi anu, amayi. Bambowa muwapatseko dzanja limodzi, osapitirira."

A Rosie anayeza dzanjalo okha, ndipo linali la mwana.